Zimene timadya pothamanga

Munthu wokhala ku Machinjiri koma wogwira ntchito ku Limbe amadzuka kusanache. Madzi akhale akutuluka pampopi kapena ayi, ana ayenera kusamba, yunifolomu isitidwe, ndipo pomakwana 6 koloko akhale ali pasiteji, chifukwa akachedwa pang'ono minibasi zimangomudutsa zitadzaza. Munthu wotereyu m'mawa sadya. Akati adye, ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi buledi wopaka majarini, ali chiimire. Ikamati 10 koloko njala yamupeza, ndipo pageti pa ofesi pakhala mayi ndi beseni la mandasi otentha. Masana ndi pachiwaya. Ine ndine mmodzi wa anthu amenewa, ndipo ambiri a inu, kaya muli ku Area 25, ku Chibavi kapena ku Chinamwali, tsiku lanu silisiyana kwenikweni ndi langa.

Pachiwaya ndimapadziwa bwino. Chitsulo chachikulu chija chokhala ndi dzenje pakati, pansi pake nkhuni zikuyaka, m'dzenjemo mafuta akuwira. M'mawa mafutawo amakhala owala, koma pofika masana amakhala atada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo mnyamata amangothira ena pamwamba pa akalewo. Chipisi amachiunjika m'mbali, mbali ina kuli nthuli za nkhuku, mitu, mapazi ndi zam'kati za mbuzi. Ukangofika amafunsa, "Cha zingati, amayi?" Amakankhira chipisicho m'mafuta kuti chitenthenso, n'kuchivuula mafuta akuchucha, kuwaza mchere wosayeza, tsabola, ndi tikabichi tochepa pamwamba. Chimakoma, sindinganame. Ndipo pakatha mphindi 10 wadya, wapukuta m'manja, wabwerera pa desiki. Mnyamatayo sindimuimba mlandu. Akusaka ya lendi ngati ine ndemwe, ndipo chimene akutigulitsa kwenikweni ndi nthawi, imene ife tilibe.

Madzulo timafika pakhomo kutada, mwina magetsi atathima. Njala ya tsiku lonse imakhala itaunjikana, ndiye timafuna chopsa msanga: mazira okazinga, soya pisi wosambira m'mafuta, kapena usipa ndi tomato mmodzi. Ndiwo zikachepa, nsima ndi imene imakula. Mitanda itatu, inayi, kenako kukagona.

Ndikamamva anthu akunena kuti kudya moyenera n'kwa anthu a ndalama, ndimawamvetsa, koma sindivomereza zonse. Amakhala akuganiza za zakudya za m'masitolo akuluakulu, maapozi ochokera ku South Africa, mafuta a olive, tizakudya ta m'mapaketi tolembedwa Chingerezi. Zimenezo n'zodula ndithu, komanso munthu angathe kukhala wathanzi osazikhudza n'komwe. Chimene chimatinenepetsa ife a m'tauni ndi zimene timadya chifukwa cha changu, ndipo zimenezo nazonso si zotchipa. Ndinayesa kulemba m'kope ndalama iliyonse yopita pakamwa panga ndekha kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu: mandasi, chipisi, botolo la zoziziritsa kukhosi, mabisiketi ogula pawindo la minibasi. Nditawonkhetsa, inaposa ndalama imene ndinagulira ndiwo za banja lonse sabata imeneyo. Yesani nanunso, musabise kanthu, muone chimene chituluke.

Chimene chinandikhazika pansi ndi BP. Ndinapita kuchipatala ndi mutu wosamva mankhwala, anamwino n'kundimanga kansalu kaja pamkono, kuyang'ana manambala, kundiuza kuti ndipume kaye, n'kuyezanso. Kenako anandifunsa ngati kwathu kuli wina wa BP kapena shuga. Alipo, ndipo si mmodzi. Vutoli si la banja lathu lokha. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo matenda awa ndi otero: munthu amayenda bwinobwino, kugwira ntchito, kuseka, mpaka tsiku limene dzanja ndi mwendo zakana kugwira. Kafukufuku wina wa boma wa za umoyo, wa 2015 mpaka 2016, anaonetsa kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyezo, pamene ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Zinthu ziwirizi zingaoneke ngati zotsutsana, koma nthawi zina zimapezeka m'nyumba imodzi, mayi wonenepa ndi mwana wopinimbira, onse akudya m'mbale yodzaza nsima, shuga ndi mafuta koma yosowa zina zonse.

Musanayambe kuchepetsa thupi, dziwani kuti anthu adzalankhula, ndipo ichi n'chovuta kuposa kusiya mandasi. Kwathu kuno kunenepa ndi mbiri yabwino. Mkazi akanenepa amati mwamuna akumusamala, mwamuna akatulutsa mimba amati zake zayera, wasanduka bwana. Kuwonda kuli ndi mbiri ina, ndipo ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikuidziwa. Tinaona abale athu akutha ndi kaliwondewonde, malamba akubooledwa mabowo atsopano mwezi ndi mwezi, anthu akunong'onezana pamaliro. Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004 ndipo anthu ambiri anadzuka, koma mantha aja sanachoke m'mitima. Mpaka lero munthu ukachepa thupi, wina amakuyang'ana kawiri.

Apongozi anga atabwera kudzationa, anadikira kuti titsale awiri kukhitchini, n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Mwana wanga, kodi pakhomo pano pali mtendere? Mwatha chonchi bwanji?"

"Mtendere ulipo, amayi. Kuchipatala ndi kumene anandiuza kuti ndichepetse thupi chifukwa cha BP."

"Chabwino. Koma mukayezetse magazi, musachite manyazi. Masiku ano mankhwala alipo."

Sindinakwiye nawo. Mayi amenewa anaika m'manda ana a abale awo ambiri, ndipo funso lawo linachokera m'chikondi. Komanso mbali ina akunena zoona: munthu amene akuwonda asanasinthe kadyedwe, asakufuna, ayenera kupita kuchipatala msanga, chifukwa TB, HIV ndi matenda a shuga omwe amatha kuyamba motero. Chimene ndinaphunzira n'choti ndi bwino kuwauza abale apafupi poyambirira penipeni, kuti ndikuchita dala ndipo chifukwa chake ndi ichi. Ena onse muwasiye. Ndikudziwa azimayi amene anachepetsa thupi bwinobwino, BP n'kutsika, koma anabwerera pachiwaya mwadala chifukwa chotopa ndi mafunso a kutchalitchi ndi kuntchito. Zimenezi zimandipweteka mtima.

Ine ndinayambira pa zakumwa, chifukwa sizifuna nthawi kapena ndalama, zimangofuna kuchepetsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira asamapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo limati kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 lili ndi masupuni pafupifupi 8. Onjezani tiyi wa kunyumba, tiyi wa kuofesi, Sobo wa madzulo, thobwa lothira shuga la Loweruka, muone pamene mwafika. Choipa cha shuga wakumwa n'choti sakhutitsa. Ukamwa botolo lonse umadyabe chipisi chako chonse. Tiyi sindinasiye. Ndinachoka pa masupuni atatu kufika pa awiri, lilime litazolowera n'kufika pa imodzi. Masabata oyambirira tiyi amamveka ngati madzi otentha chabe, koma pakapita nthawi tiyi wa kale uja ndi amene amayamba kukukana. Ena amati shuga wa kuno ndi wabwino poti anathiramo vitamini A. N'zoona anathiramo, koma vitamini yemweyo ali m'maungu, mapapaya, mango, masamba obiriwira ndi mbatata yofiira m'kati.

Chachiwiri chinali mafuta ophikira. Ambiri a ife timathira kuchokera m'botolo mpaka diso litakhutira, ndipo ndiwo zosayandama mafuta timaziona ngati za paumphawi. Koma galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9 (makalori ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi), pamene ya ufa kapena shuga ili ndi 4 okha. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo munthu suwaona, sukhuta nawo. Ndinamangirira supuni pabotolo ndi kalabala, ndipo mphika wa ndiwo za banja lonse umalandira supuni imodzi kapena ziwiri basi. Mmene mafuta anakwerera mtengo mu 2022, n'kudzakweranso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuyeza kumeneku kunathandizanso thumba, chifukwa botolo limene linkatha pakati pa mwezi linayamba kufika kumapeto. Bambo akunyumba anazindikira tsiku loyamba lomwe.

"Mayi, kodi mafuta atha m'nyumba muno?"

"Alipo, bambo, ndangochepetsa. Lawani kaye."

Chimene chinawagonjetsa ndi nsinjiro. Nkhwani wotendera, chisoso chotendera, mpiru wotendera, zonsezi sizifuna dontho la mafuta ndipo palibe amene amadandaula. Mtedza nawo uli ndi mafuta ambiri, pafupifupi theka la kulemera kwake, choncho si woti munthu azingokukuta mbale yonse. Koma umabwera ndi zomanga thupi, ndipo umakhalitsa m'mimba. Posinja muzisankha bwino, wowola ndi wa chuku kutaya, chifukwa chuku cha mtedza ndi chimanga chimawononga chiwindi.

Tsopano nsima. Aliyense amene angakuuzeni kuti musiyiretu nsima sakudziwa nyumba zathu. Kwathu munthu akadya mpunga kapena mbatata amati wagona ndi njala, ndipo malangizo amene akulimbana ndi zimenezi satha mwezi. Vuto ndi kukula kwake. Makolo athu ankadya mitanda inayi atalima kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu, atasenza nkhuni, atatunga madzi kudambo. Ife tatenga mbale yomweyo n'kupita nayo pa mpando wa ofesi ndi wa minibasi. Wonyamula matumba ku depoti kapena wopalasa kabaza adye mitanda yake, akuifuna. Wa pakompyuta ngati ine sakuifuna yonseyo. Ndinagula chipande chaching'ono, ndipo mbale yanga ndinaitembenuza: theka ndi masamba, mbali ina nyemba, nsomba kapena dzira, nsima n'kutenga malo otsalawo. Ndimayamba kudya masamba ndisanatape nsima. Mukangochepetsa nsima osawonjezera ndiwo, mudzadzuka pakati pa usiku kukafuna buledi, ndipo mudzati njira imeneyi siigwira.

Za mgaiwa pali zonena zambiri. Ambiri timaudana chifukwa umatikumbutsa sukulu yogonera konko kapena chaka cha njala. Ufa woyera umadutsa m'njira yaitali: kukonola, kupeta, kuviika mphale m'madzi masiku angapo, kuvuula, kuyanika, kenako kuchigayo. M'njira monsemo gaga ndi kamtima ka chimanga zimachoka, ndipo m'menemo ndi mmene muli mavitamini, ayironi ndi zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Timazipereka kwa nkhuku ndi nkhumba. Mgaiwa umasunga zonsezo, sufuna masiku okonza, ndipo thumba limodzi la chimanga limatulutsa ufa wambiri likagayidwa mgaiwa kusiyana ndi likakonoledwa. Pa banja la m'tauni logula chimanga, phindu lake ndi loonekeratu. Kwathu timasakaniza theka ndi theka, ndipo timagayitsa pang'onopang'ono poti mgaiwa suchedwa kuwawa ukakhalitsa. Koma ndinene mosabisa kuti mgaiwa si mankhwala ochepetsa thupi. Mitanda inayi ya mgaiwa ndi mitanda inayi basi.

Nkhani yeniyeni yagona pa nyemba, chifukwa apa ndi pamene nthawi ndi ndalama zimakumana. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama ndi ndiwo zotsika mtengo poyerekeza ndi nyama, zimamanga thupi, ndipo ukadya masana sufuna mandasi a 4 koloko. Chifukwa chimene sitiziphikira pakati pa sabata n'chodziwika: zimadya maola ndi makala. Wofika pakhomo 7 koloko usiku sangayambe kuphika nyemba. Ndiye ine ndimaphika Lamlungu, ndipo ndimachita motere. Loweruka madzulo ndimazisankha palichero, kuchotsa timiyala ndi zofumbwa, n'kuziviika m'madzi ambiri usiku wonse. M'mawa ndimataya madziwo, kuthira ena, n'kuteleka pambaula. Zikabwata mwamphamvu kwa mphindi 20 kapena 30, ndimaphula mphika osavundukula, kuukulunga m'chitenje chakale, kenako m'bulangete, n'kuuika m'dengu, pamwamba kutsamiritsa pilo. Ndimapita kutchalitchi. Pobwera masana mphika umakhala ukadali wotentha moti sungaugwire ndi manja, ndipo nyemba zimakhala zitafewa, makala atangopita ochepa. Kubwatitsa koyambako musakudumphe, chifukwa nyemba zosawira mokwanira, makamaka zofiira, zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba.

Ndikatero ndimazigawa m'makontena. Za Lolemba ndi Lachiwiri zimakhala m'firiji, zotsalazo ndimaziumitsa mufiriza kuti magetsi akathima zisafulumire kusasa. Madzulo ntchito imangokhala kukazinga anyezi ndi tomato, kuthiramo nyemba, ndipo nsima isanapse ndiwo zapsa kale. Amene alibe firiji aphike za masiku awiri okha n'kumaziwiritsanso bwinobwino m'mawa ndi madzulo, kapena agwirizane ndi mnzawo woyandikana naye kuti wina aziphika Lamlungu, wina Lachitatu, n'kumagawana. Pamalo a lendi pamene mabanja angapo amaphikira pakhonde limodzi, izi n'zotheka.

Nandolo amandimvetsa chisoni. Kum'mwera kuno, ku Mulanje, Chiradzulu, Thyolo, Zomba ndi Mwanza, amalimidwa wambiri, ndipo gawo lalikulu limapita ku India. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo unagwa moti alimi ambiri anangomusunga m'nyumba kusowa kogulitsa. Chakudya chimene anthu a kutsidya la nyanja amachilipira ndalama zakunja, ife a m'tauni timachidutsa pamsika n'kukagula soseji. Nandolo wamuwisi wowiritsa ndi makoko ake, wothira kamchere pang'ono, ndi chakudya cha pa desiki chabwino kuposa bisiketi iliyonse, ndipo nyengo yake amagulitsidwa pamilu m'misika yonse ya mu Blantyre.

Amayi tonse amene tinapitako kusikelo ya ana tinaphunzitsidwa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Tinaimba ndi nyimbo zomwe tili pamabenchi, ana kumsana. Koma tinazitenga ngati nkhani ya phala la mwana, ndipo mwana atangosiya kuyamwa tinaziiwala. Malangizo amenewo ndi a munthu wamkulu yemwe. Ukayang'ana tsiku la tiyi, mandasi, chipisi ndi nsima ya soya pisi, upeza kuti magulu awiri, zokhutitsa ndi mafuta, atenga pafupifupi malo onse. WHO imati munthu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku. Tikabichi ta pachiwaya tija sitifika ngakhale pafupi.

Masamba ndiye sitinganamizire mtengo. Bonongwe, chisoso ndi luni zimamera zokha nthawi ya dzinja, kuseri kwa nyumba ndi m'mbali mwa minda. Kholowa ndi chigwada zimapezeka ngakhale mvula itasiya, ndipo a kumudzi akamabwera muziwapempha mfutso m'malo mwa nkhuku. Pamsika madzulo, amayi ogulitsa akamafuna kuweruka, mulu umakula. Ine ndimagula ndikutsika minibasi, ndipo ndikatopa kwambiri ndimapempha kuti andidulire pomwepo nditaona kuti atsukidwa kaye. Pophika musawaphe. Soda ndi kuwiritsa nthawi yaitali zimawononga mavitamini, pamene mpiru kapena bonongwe amapsa m'mphindi zochepa ndi madzi pang'ono. Zipatso muzitsata nyengo: mango ndi masuku kumapeto kwa chaka, magwafa ndi mapeyala mvula ikamapita kumapeto, manachesi a ku Mwanza nthawi yozizira, nthochi ndi mapapaya pafupifupi chaka chonse. Chipatso cha nyengo yake sichidula. Muzidya chathunthu, osachifinya n'kuthiramo shuga.

Kunyamula chakudya kupita nacho kuntchito kunafuna kulimba mtima kuposa mmene ndinkaganizira. Tsiku limene ndinatsegula kontena ya mbatata yowiritsa ndi dzira, mnzanga wina anati, "Asisi, mwezi wavuta eti? Nenani tikubwerekeni." Ankanena mokoma mtima, koma mawuwo akusonyeza mmene timaganizira. Mbatata, chinangwa, maungu, chimanga chophika, tinaziika m'gulu la zakudya za munthu amene zamuvuta, ndipo buledi woyera ndi chipisi tinaziika m'gulu la munthu amene watukuka. Manyazi amenewa akutidwalitsa. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika, akatswiri a zaulimi anaifalitsa dala chifukwa cha vitamini A, ndipo ndimaiwiritsa usiku pamoto womwewo wa nsima, makala asanazime. Dzira ndimaliponya mumphika womwewo. Masiku ena ndimanyamula futali, ena mpunga wochepa ndi nyemba zambiri ndi masamba otsala dzulo. Kabotolo ka madzi ndi mtedza wodzaza dzanja limodzi zimakhala m'chikwama nthawi zonse, chifukwa njala ya pasiteji madzulo ndi imene imagulitsa zitumbuwa. Pachiwaya ndimapitabe mwa apo ndi apo, Lachisanu likakoma, koma ndimapita nditafuna, osati chifukwa chosowa pogwira.

Kwa a BP, mchere ndi nkhani payokha. Muyezo wa WHO ndi wosapitirira magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi yosadzaza kwambiri, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Wambiri umabisala m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'timapaketi ta mu soya pisi, m'buledi, m'soseji ndi m'nsomba zouma zothira mchere. Kwathu mchere unachoka patebulo, ndipo bonya ndimayamba ndamuviika m'madzi ofunda. Usipa, bonya ndi matemba musazinyoze, poti timadya ndi minga yomwe ndipo mingayo imalimbitsa mafupa.

Za jimu sindinena zambiri, ndilibe ndalama yake ngakhale nthawi yake. WHO imati mphindi 150 pa sabata za kuyenda mofulumira kapena ntchito ina yotulutsa thukuta n'zokwanira poyambira, kutanthauza mphindi 30 masiku asanu. Ine ndinasiya kukwera kabaza kuchoka pasiteji kupita kuntchito, ndipo ndalama yake imagula zipatso. Madzulo kukada sindiyenda ndekha, ndipo sindingalangize mayi aliyense kutero. Ndi bwino kuyenda m'mawa kapena nthawi ya nkhomaliro ndi mnzako. Komabe kuyenda pakokha sikuchotsa thupi lambiri, chifukwa mandasi awiri amabweza zimene wawotcha poyenda pafupifupi ola lathunthu. Phindu lake lili pa mtima, pa BP, pa shuga wa m'magazi ndi pa tulo.

Pa Facebook ndi pa WhatsApp padzaza ogulitsa tiyi ndi makapisozi ochepetsa thupi, ndi zithunzi za munthu asanamwe ndi atamwa. Ambiri mwa matiyi amenewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsika chifukwa madzi achoka m'thupi, ndipo ukasiya imabwerera pomwe inali, ndalama zitapita. Kwa munthu wa BP kapena wa impso zofooka n'zoopsa. Kudzimana chakudya tsiku lonse nakonso kumathera pa mitanda isanu usiku. Thupi lotsika bwino limatsika ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata, ndipo masabata ena siliyenda n'komwe. Sipafunikanso kuti munthu abwerere pa thupi la kusekondale. Madokotala amati kuchotsa 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwako kumathandiza kale BP ndi shuga, ndiye wa makilogalamu 80 akachotsa 4 mpaka 8 wapindula. Ku America, kafukufuku wa anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anapeza kuti amene anathandizidwa kusintha kadyedwe, kuyenda ndi kuchepetsa thupi pang'ono anachepetsa chiopsezo cha matendawa ndi 58 peresenti. Amene ali kale pa mankhwala a shuga kapena a BP, oyembekezera ndi oyamwitsa, ayambe akambirana ndi achipatala, ndipo mankhwala asasiye paokha ngakhale ataona kusintha.

Sikelo kunyumba ndilibe. Ndimagwiritsa ntchito chingwe. Mumayeza kutalika kwanu kuchokera kuphazi mpaka pamutu, kudula chingwecho, kuchipinda pakati, n'kuzunguliza m'mimba cha pamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zikakumana, muli pabwino. Zikapanda kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewo ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi matenda a mtima, ngakhale kwa munthu wooneka wochepa thupi kwina konse. Bambo akunyumba atayesa, nsonga zinatsala patali kuposa zanga. Sanalankhule kanthu tsiku limenelo, koma mabotolo a Lachisanu ndi kanyenya wake anayamba kuchepa, ndipo tsopano ndi iwo amene amakumbutsa za kuviika nyemba Loweruka.

Kuukwati, kuchinkhoswe ndi kumaliro ndimadya chimene andipatsa. Kukana chakudya cha mwini khomo n'kumunyoza, ndipo mbale imodzi ya mpunga ndi nkhuku siiwononga ntchito ya mwezi wonse. Ndimangopempha madzi m'malo mwa botolo lachiwiri. Nthawi yovuta kwenikweni ndi Januwale ndi Febuluwale, pamene fizi yadya malipiro, chimanga chakwera, nyemba nazo zakwera, ndipo chotsika mtengo chimene chatsala ndi ufa, shuga ndi buledi. Pofuna kuthana ndi miyezi imeneyi, ife a m'gulu lathu la banki m'khonde tinagwirizana kuti tizisonkha ndalama nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, n'kutuma mmodzi kukagula nyemba ndi mtedza zambiri kumisika ya kunja kwa tauni monga ku Lizulu, kumene muyezo umakhala waukulu. Timagawana, aliyense n'kukayanikanso zake padzuwa mpaka ziume gwa, kenako kusunga m'zigubu zotseka bwino kuti anankafumbwe asalowe. Chaka chino tawonjezera nzama ndi khobwe, ndipo amayi awiri a m'gululi amene kwawo ndi ku Chiradzulu alonjeza kutibweretsera nandolo wouma akangokolola.